Chifukwa chake makomboni a Lusaka sakuleka kukula

Mwa anthu 10 alionse okhala mu mzinda wa Lusaka, pafupifupi 7 amagona m'makomboni, ndiko kunena m'malo amene nyumba zinayamba kumangidwa khonsolo isanalembe mapulani, isanalambule misewu, ndiponso isanayale mipope ya madzi. Kanyama, Chawama, George, Misisi, Chibolya, Ng'ombe, Kalikiliki ndi Bauleni si malo apambali amene mlendo angawaphonye, chifukwa ndi kumene kukukhala unyinji wa anthu amene amayendetsa mzindawu tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi si ya Lusaka yekha ayi, pakuti bungwe la United Nations limanena kuti anthu opitirira 1 biliyoni padziko lonse amakhala m'malo otere, ndipo m'maiko a Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi theka la anthu onse a m'mizinda, mwinanso kupitirira.

Mukafunsa anthu a kumayadi chifukwa chake makomboni akukula chonchi, ambiri amayankha kuti anthu akuthawa khasu kumudzi, ena amati ndi kusamvera malamulo basi. Mayankho awiriwa ali nacho choona pang'ono, koma amabisa chinthu chachikulu chimene chimaonekera munthu akatsata mbiri ya mzindawu. Kuyambira pa chiyambi pake, Lusaka wakhala akufuna manja a anthu osauka popanda kuwakonzera pogona, ndipo njira yovomerezeka yopezera malo ndi nyumba inakonzedwa moti ochepa okha ndiwo angaitsate mpaka kumapeto. Komboni ndiyo njira imene anthu otsalawo anadzipezera, ndipo boma lililonse limene lalamulapo lakhala likuidalira ngakhale pamene linali kuidzudzula pakamwa.

Njanji inafika pa Lusaka mu 1905, pamalo amene panali mudzi wa mfumu ina yotchedwa Lusaaka, ndipo kwa zaka zambiri panali kasiteshoni chabe kozunguliridwa ndi mafamu a azungu. Boma la atsamunda litaganiza zochotsa likulu la Northern Rhodesia ku Livingstone, linaitana katswiri wa mapulani a mizinda wa ku Britain, Stanley Adshead, amene mu 1931 anapereka maganizo a mzinda wa mabwalo aakulu, mitengo yambiri ndi nyumba zotalikirana. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Mapulaniwo anali okongola ndithu, koma anakhazikika pa ganizo lakuti munthu wakuda si wokhala m'tauni, koma ndi mlendo wobwera kudzagwira ntchito amene adzabwerera kwawo ntchito ikatha. Msonkho unkakakamiza amuna kuchoka kumudzi kukafuna ndalama, chitupa chinkaonetsa amene akumugwirira ntchito, ndipo nyumba inkamangiriridwa ku ntchitoyo, moti wochotsedwa ntchito ankatayanso pogona tsiku lomwelo. Nyumba zambiri zinali za chipinda chimodzi cha mwamuna wopanda banja, popeza mkazi ndi ana ankayenera kutsala kumudzi.

Lamulo la mu 1948 lokhudza nyumba za anthu akuda m'mizinda linasinthako zinthu povomereza kuti ena akhale ndi mabanja awo, ndipo m'zaka zotsatira malo ngati Matero ndi mbali yatsopano ya Chilenje anamangidwa. Komabe nyumbazo zinali za anthu olembedwa ntchito yodziwika. Wogulitsa makala, wophika mowa, mmisiri wodziimira payekha, mayi wamasiye, ngakhale mwamuna amene kontalakiti yake yatha koma sakufuna kubwerera kumudzi, onsewa analibe malo m'mapulani a mzinda.

Apa ndi pamene makomboni oyamba anabadwira, ndipo sanabadwe mwa kuba malo monga ambiri amaganizira. Eni mafamu ozungulira tauni anaona kuti kulola anthu kumanga timanyumba pa malo awo n'kumatolera lendi mwezi ndi mwezi kunali kopindulitsa kuposa kulima, makamaka pa nthaka ya miyala ya kumadzulo ndi kummwera kwa njanji. Makampani omanga ndi ofukula miyala nawonso ankaika antchito awo m'misasa pafupi ndi ntchito, ndipo ntchito ikatha kampani inkachoka koma anthu ankatsala. N'chifukwa chake mpaka lero tili ndi makomboni otchedwa John Laing, John Howard, Marrapodi ndi George, amene akusunga maina a makampani ndi eni malo a nthawi imeneyo. Popeza malowa anali a anthu paokha ndipo ambiri anali kunja kwa malire a khonsolo, akuluakulu a tauni ankatha kunena kuti si udindo wawo kupereka madzi kapena kuchotsa zinyalala, chikhalirecho anthu okhala kumeneko ndiwo ankamanga ndi kusesa mzindawo m'mawa uliwonse.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kuyenda anatha, ndipo amayi ndi ana amene anali kumudzi anatsatira amuna awo, achinyamata nawonso anabwera kudzafuna ntchito m'boma latsopano. Mu 1963 Lusaka anali ndi anthu pafupifupi 123,000, pofika 1969 anali atapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anali oposa 530,000. Palibe khonsolo padziko imene ikanatha kumanga nyumba pa liwiro limenelo, makamaka khonsolo imene inalandira malamulo a kamangidwe ochokera ku Britain, ofuna njerwa zootcha, chimbudzi cha madzi ndi puloti yaikulu pa nyumba iliyonse. Boma linayesa njira yopatsa anthu mapuloti okhala ndi msewu ndi mpope kuti azimanga okha, ndipo Mtendere ndi Kaunda Square anayamba motero, koma mapulotiwo anali ochepa poyerekeza ndi ofuna. Mu 1970 malire a mzinda anakulitsidwa kufika pa masikweya kilomita 360, ndipo makomboni amene anali kunja anapezeka ali mkati, ali kale ndi anthu zikwi zambiri.

Kalembera wa mu 2010 anapeza anthu pafupifupi 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo wa mu 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. Pano pali mfundo imene imaiwalika kawirikawiri, yakuti gawo lalikulu la kukula kwa mizinda ya mu Africa masiku ano likuchokera kwa ana obadwira m'mizinda momwemo. Kafukufuku wa za umoyo wa mu 2018 anaonetsa kuti mayi wa m'tauni ku Zambia amabereka ana opitirira pang'ono atatu, ndipo ngakhale chiwerengerochi n'chotsika poyerekeza ndi cha kumudzi, n'chokwanira kuti anthu azichulukabe popanda ngakhale basi imodzi yochokera ku Chipata kapena ku Petauke. Mnyamata wobadwira ku Chawama, amene bambo ake anabadwiranso ku Chawama, alibe mudzi woti abwerereko, ndipo akakwatira amafuna chipinda chake pafupi ndi kumene akudziwa anthu. Amene amanena kuti anthu a m'komboni abwezedwe kwawo amalankhula ngati tikadali mu 1950.

Izi sizikutanthauza kuti kumudzi sikukutumizanso anthu. Mlimi wodalira chimanga cha mvula, amene feteleza amamupeza mochedwa ndipo msika uli kutali, amakhala chaka chimodzi chokha kutali ndi njala. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu February chaka chimenecho, chinaononga pafupifupi theka la minda ya chimanga, ndipo chaka chotere chikadutsa mabanja ambiri amatumiza mwana mmodzi kapena awiri kwa achibale a m'tauni. Wobwerayo safikira pa ofesi ya khonsolo. Amafikira kwa amalume kapena kwa achemwali, amagona pabalaza miyezi ingapo, ndipo akapeza kaganyu amachita lendi chipinda m'komboni yomweyo, chifukwa ndi kumene kuli omudziwa amene angamuthandize pa matenda ndi pa maliro.

Chuma cha dziko chinaonjezera vutoli m'njira imene sinayembekezereke. Mtengo wa kopa, amene ankabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 peresenti, unagwa mu 1975, ndipo boma limene linali litangoyamba kuganizira bwino za nyumba linapezeka lilibe ndalama. Ngongole zinakula, makhonsolo anasiya kumanga, ndipo boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, anthu zikwi zambiri n'kuchotsedwa ntchito, makamaka ku migodi ya ku Copperbelt. Chochititsa chidwi n'chakuti m'zaka zimenezo gawo la anthu a ku Zambia okhala m'mizinda linatsika kuchoka pa pafupifupi 40 peresenti mu 1980 kufika pa pafupifupi 35 peresenti mu 2000, koma Lusaka yekha anapitiriza kukula, chifukwa ambiri ochoka ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira anabwera kuno kudzayesa malonda. Mu 1996 nyumba za khonsolo zinagulitsidwa motchipa kwa amene ankakhalamo. Kwa mabanja amene anagula chinali chinthu chabwino, ndipo palibe angawadzudzule, koma khonsolo inataya lendi imene inali gwero lalikulu la ndalama zake, ndipo kuchokera pamenepo mzinda unalibenso nyumba zotsika mtengo zoti upatse mbadwo wotsatira.

Nkhani ya malo ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi pamene zifukwa zonse zimakumanirana. Kuyambira 1975 malo onse a ku Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo munthu amangopatsidwa chilolezo chowagwiritsa ntchito kwa zaka zowerengeka, zimene pansi pa lamulo la malo la mu 1995 zimafika 99. Kuti munthu apeze puloti m'njira yovomerezeka ayenera kudikira khonsolo ilengeze, alipire ndalama yofunsira, aonetse kuti ali ndi ndalama zomangira, akaonekere kwa ofunsa mafunso, alipirenso ndalama za misewu ndi madzi, apeze woyeza malo, kenako adikire mapepala ku unduna wa za malo. Gawo lililonse limafuna ndalama ndi masiku osagwira ntchito, ndipo mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto, amene tsiku limodzi osapita kumsika ndiye kuti ana agona ndi njala, sangayambe n'komwe ulendo wotere. Pamwamba pa izi, malo ambiri abwino mkati mwa mzinda anagwidwa kale ndi anthu amene sakumangapo kanthu, akungodikira kuti mtengo ukwere.

Njira ya boma ikakhala yopapatiza chonchi, pamabuka njira ina, ndipo nayonso ili ndi akuluakulu ake ndi mitengo yake. M'nthawi ya chipani chimodzi cha UNIP, tcheyamani wa nthambi ndiye ankaloza munthu pomanga, ndipo khadi la chipani linali ngati chikalata cha malo. Zipani zitachuluka mwambowu sunathe, unangosintha eni ake, moti kwa zaka zambiri nkhani za makada, ndiko kunena otsatira chipani, ogawa mapuloti pa malo a sukulu, a misika, a njanji ndi a anthu ena zakhala zikumveka pansi pa maboma osiyanasiyana. Wogula amadziwa kuti pepala limene wapatsidwa silingaime kukhoti, koma amadziwanso kuti nyumba zikachuluka pamalopo palibe wandale amene angalimbe mtima kugwetsa mavoti ake. Kuwerengera kumeneku n'kwanzeru ndithu, ndipo nthawi zambiri kumakhala kolondola. M'maganizo anga, ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene makomboni atsopano amabukira mwamsanga chisankho chikayandikira: komboni yopanda mapepala imadalira chifundo cha wandale, ndipo anthu odalira chifundo ndi osavuta kuwasonkhanitsa.

Ndalama zomangira nazo zili ndi mbali yake. Mabanki amabwereketsa kwa munthu wokhala ndi malipiro a pamwezi ndi chikalata cha malo, pa chiwongoladzanja chimene kawirikawiri chimapitirira 20 peresenti pachaka, pamene anthu ambiri a mu Lusaka amapeza ndalama za tsiku ndi tsiku pa kantemba, pa maganyu, pa minibasi kapena pa ntchito za m'nyumba. Munthu wotere amamanga pang'onopang'ono. Akalandira ndalama za chilimba, zimene anthu amasonkha n'kumapatsana mosinthana, amagula mabuloko 200, mwezi wina thumba la simenti, chaka china malata, ndipo amalowa m'chipinda choyamba pamene chachiwiri chili pa windo. Malamulo a khonsolo salola kamangidwe kotere, chifukwa amafuna mapulani ovomerezeka ndi nyumba yomalizidwa munthu asanalowemo, koma komboni imalola. Nyumba ikatha, mwini wake amaonjezera mdadada wa zipinda kumbuyo n'kuikamo alendi, pakuti kwa munthu wopanda penshoni lendi ndiyo penshoni yake. Umu ndi mmene makomboni akale amakulira mkati osasuntha malire: puloti imene inali ya banja limodzi mu 1975 lero ili ndi mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo ambiri okhala m'makomboni masiku ano ndi alendi, osati eni nyumba.

Mukayang'ana mapu a Lusaka muona kuti pafupifupi dera lililonse la anthu olemera lili ndi komboni yake pambali. Ng'ombe ali pafupi ndi Roma ndi Kalundu, Mtendere ndi Kalikiliki ali pafupi ndi Kabulonga ndi Ibex Hill, Bauleni ali m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, Kanyama ndi Chibolya ali pafupi ndi mafakitale ndi misika ikuluikulu, ndipo wa ku Misisi amafika pakati pa tauni wapansi. Si mwangozi. Mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi wosamalira maluwa salipidwa ndalama zokwanira kukwera minibasi ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo, choncho amakhala pamene angayende ndi miyendo. Amene amadandaula kuti komboni yayandikira mpanda wawo nthawi zambiri ndi omwewo amene amafuna wantchito afike isanakwane 6 koloko m'mawa pa malipiro ochepa, ndipo akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Malo amene amapezeka aulere kapena otchipa pafupi ndi ntchito ndi amene ena onse anawakana, ndipo apa ndi pamene mtengo weniweni wa komboni umalipiridwa. Kanyama ali pa thanthwe la miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, pamene madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti mvula ikagwa madzi alibe kolowera, ndipo zimbudzi zokumba zimasakanikirana ndi zitsime zosazama zimene anthu amatungako. Ku Misisi maenje amene anatsala pofukula miyala anasanduka madamu a madzi oipa pakati pa nyumba. Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama a mu Lusaka momwemo, ndipo amene anayamba mu October 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ambiri a iwo a mu Lusaka, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Anthu sanasankhe malowa chifukwa chosadziwa kuti amasefukira. Anawasankha chifukwa ndi okhawo amene palibe anawathamangitsapo.

Tiyenera kunena mwachilungamo kuti Zambia inali m'gulu la maiko oyamba mu Africa kuvomereza kuti makomboni sangathe ndi kugwetsa. Lamulo la mu 1974 linapatsa boma mphamvu yolengeza komboni kukhala malo oyenera kukonzedwa, ndipo khonsolo inayamba kupereka chilolezo chokhala pamalo cha zaka 30. Chaka chomwecho World Bank inapereka ngongole ya madola 20 miliyoni, imene inathandiza kulambula misewu ndi kuika mipope ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Njira imeneyi inali yabwino kuposa ya ku Zimbabwe ya mu 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika m'mizinda, ndipo United Nations inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama, koma ena a iwo anakamanganso kwina mobisa. Vuto la njira ya kuno linali lakuti inkathamangira kumbuyo kwa anthu. Boma linkakonza komboni imene yadzaza kale m'malo mokonzeratu malo a anthu amene akubwera, ndipo aliyense anaphunzirapo kuti njira yotsimikizika yopezera puloti ndi kumanga kaye n'kudikira kuvomerezedwa. Mapulani aakulu a mzinda analembedwa, ena ndi kampani ya Doxiadis m'zaka za m'ma 1970, ena mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan mu 2009, koma mapulani opanda ndalama ndi opanda malo osungidwiratu amangokhala m'makabati.

Mizinda ina ili ndi mbiri yofanana, ngakhale maina ndi osiyana. Kibera ku Nairobi anayamba pamene atsamunda analola asilikali a mtundu wa Nubi kukhala pamalo popanda kuwapatsa chikalata, ndipo Ndirande ku Blantyre anakula ngati pogona pa antchito a m'tauni imene sinawakonzere nyumba.

Kukula kwatsopano kwa Lusaka kukuchitika kunja kwa malire ake, m'maboma a Chibombo, Chongwe, Chilanga ndi Kafue, pa malo amene kwa nthawi yaitali anali minda kapena anali m'manja mwa mafumu a Alenje ndi Asoli. Kumeneko munthu amagula kwa nyakwawa kapena kwa mwini famu amene wadula malo ake m'tizidutswa, nthawi zambiri popanda kusiya mpata wa msewu, ngalande, sukulu kapena chipatala. Ogulawo si osauka okha, pakuti muli aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma amene atopa ndi lendi ndipo puloti ya khonsolo anailephera, moti nyumba zina n'zazikulu ndi zamatailosi koma zili pa kanjira kamene ambulansi singalowe. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015 linalowa m'malo mwa lija la mu 1974 ndipo limalola makhonsolo kugwirizana ndi mafumu pokonza mapulani a malo a makolo, koma makhonsolo a m'maboma ozungulirawa ali ndi akatswiri ochepa ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi liwiro limene malo akugulitsidwira. Nthawi yomweyo makomboni akale amene ali pamalo abwino, monga Kalingalinga pafupi ndi yunivesite ya UNZA ndi mashopu akuluakulu, akukwera mtengo, eni mapuloti akugulitsa kwa omanga mafulati ndi maofesi, ndipo alendi amene sangakwanitse lendi yatsopano akusamukira ku Chazanga, ku Kabangwe ndi kupitirira Ten Miles pa msewu wa Great North, kumene mipope ya madzi ndi ngalande sizinafike.